Koleji ikamadalira fizi: zosankha zimene zimapulumutsa kapena kugwetsa sukulu zomwe si zaboma

Pa 31 Meyi 2024, ophunzira a University of the Arts mumzinda wa Philadelphia ku America anamva kuti sukulu yawo itsekedwa pa 7 Juni. Anapatsidwa sabata imodzi yokha. Sukuluyi inali ndi mbiri ya zaka pafupifupi 150, ophunzira opitirira 1,000 ndi antchito mazanamazana, ndipo inali italonjeza kale malo kwa ana atsopano oti adzayambe maphunziro chaka chomwecho. Tsiku lomwelo la 31 Meyi, ku Alabama, Birmingham-Southern College, yomwe mizu yake ndi ya mu 1856, inali kutseka zitseko komaliza. Patangopita milungu yochepa, College of Saint Rose ya ku Albany nayonso inatha.

Sukulu zitatuzi sizinali za anthu akathyali ofuna kudyera ana masuku pamutu. Zinali sukulu zolemekezeka, zosakhazikitsidwa kuti zipindulitse mwini wake, zokhala ndi aphunzitsi odziwa ntchito ndiponso anthu ambiri amene anaphunzirako n'kumazikonda. Nanga zinagwa bwanji? Kuti timvetse, tiyenera kulowa m'chipinda chimene makolo ndi ophunzira salowamo, momwe akuluakulu a koleji amakhala pansi chaka ndi chaka n'kumafunsana kuti atenge ana angati, aliyense alipire zingati, amange chiyani, ndipo asiye chiyani. Ine ndikuona kuti pa koleji yodalira fizi, nkhani ya kulemba ophunzira ndi nkhani ya ndalama ndi imodzimodzi, ndipo zikalakwika amene amapsa kwambiri ndi wophunzira, yemwe m'chipindamo mulibe mpando wake.

Koleji yomwe si yaboma imapeza ndalama m'njira zitatu zikuluzikulu. Pali fizi pamodzi ndi ndalama zogonera ndi zodyera. Pali zopereka za anthu akufuna kwabwino, makamaka amene anaphunzira pasukulupo. Palinso thumba la chuma chosungidwa, lomwe sukulu imalilowetsa m'malonda osiyanasiyana n'kumadya phindu lake lokha, kawirikawiri ndalama zosapitirira kwenikweni 5 pa 100 iliyonse pachaka. Thumba la Harvard University limaposa madola 50 biliyoni. Berea College ya ku Kentucky ili ndi thumba lopitirira madola 1 biliyoni, ndipo chiyambire 1892 silipiritsa fizi; ophunzira ake, omwe ndi ochokera m'mabanja osauka, amagwira ntchito zapasukulu maola osachepera 10 pasabata. Koma sukulu zotere n'zowerengeka. Makoleji ang'onoang'ono mazanamazana ali ndi timatumba tochepa, moti gawo lalikulu la bajeti yawo limachokera m'thumba la kholo kapena m'ngongole ya wophunzira.

Vuto limayambira pa mtundu wa ndalama zimene koleji imawononga. Malipiro a aphunzitsi, magetsi, kukonza nyumba, laibulale, chiwongoladzanja cha kubanki, zonsezi sizitsika chifukwa choti ana abwera ochepa. Mphunzitsi wa kalasi ya ana 12 amalandira chimodzimodzi ndi wa kalasi ya ana 25. N'chimodzimodzi minibasi imene yatsala pang'ono kunyamuka mipando itatu ilibe anthu: mafuta ake ndi omwewo, choncho kondakitala amalolera kutenga munthu wa ndalama yoperewera kusiyana n'kuyenda ndi mpando wopanda kanthu. Makoleji a ku America akhala akuchita zomwezi kwa zaka zambiri, ndipo zafika poti ndiye maziko a kayendetsedwe kawo.

Zimayenda chonchi. Koleji imalengeza fizi yokwera, kenako imauza pafupifupi mwana aliyense amene yamulandira kuti wapatsidwa thandizo la fizi. Nthawi zambiri thandizolo si ndalama yochokera kwinakwake; ndi kuchotsera chabe pa mtengo umene unalengezedwa. Bungwe la NACUBO, lomwe limasonkhanitsa oyang'anira chuma m'makoleji a m'dzikolo, limafufuza nkhaniyi chaka chilichonse, ndipo linapeza kuti m'chaka cha maphunziro cha 2023 mpaka 2024 kuchotserako kunafika pa 56 pa 100 iliyonse kwa ophunzira a chaka choyamba. Tiyerekeze koleji yolengeza fizi ya madola 50,000. Ikachotsera motero, imatsala ndi madola 22,000 pa mwana aliyense. Tsono ngati inakonza bajeti poyembekezera ana atsopano 500, koma pofika tsiku lotsegulira n'kubwera 460, ana 40 osowawo ndi madola 880,000 amene asowa chaka chimenecho. Ndipo dzenjelo silikwiririka chaka chimodzi. Gulu lochepalo limayenda ndi kuchepa kwake mpaka chaka chachinayi, moti ndalama zosowa zimakwana madola 3.5 miliyoni. Pa Harvard imeneyo si nkhani. Pa koleji ya ana 1,500 ndi aphunzitsi angapo ochotsedwa ntchito.

Munthu angafunse kuti bwanji osangotsitsa fizi poyera, n'kusiya zonamizanazi. Ena anayesa. Utica College ya ku New York inatsitsa fizi yake ndi 42 pa 100 iliyonse mu 2016, ndipo Birmingham-Southern inadula yake ndi theka mu 2018. Koma akuluakulu ambiri amaopa, chifukwa makolo amayeza ubwino wa sukulu poona mtengo wake. Sukulu yotchipa amaikayikira. Komanso kholo limanyadira kuuza anzake kuti mwana wake wapatsidwa thandizo la madola 25,000 chifukwa cha nzeru, kusiyana n'kunena kuti wapita kusukulu yotsika mtengo, ngakhale ndalama yotuluka m'thumba ili yofanana. Choipa chake n'chakuti mtengo wolembedwa umathamangitsa ana a m'mabanja osauka asanafunsire n'komwe malo. Iwo sadziwa kuti pafupifupi palibe amene amalipira mtengowo. Ndipo ku Birmingham-Southern kutsitsa fizi sikunachiritse matenda, chifukwa anali atalowa kale m'kati: mu 2010 zinaululika kuti sukuluyi inakhala ikulakwitsa kawerengedwe ka thandizo la ophunzira kwa zaka zingapo, n'kutaya madola mamiliyoni. Pomaliza inapempha ngongole ya madola 30 miliyoni ku boma la Alabama, msungichuma wa bomalo anakana, ndipo panalibenso mtengo wogwira.

Pali funso lina lomwe kwa ine ndi lolemera kuposa onse: kodi kuchotserako kumapita kwa ndani? Poyambirira thandizo la fizi linali la mwana wanzeru wopanda ndalama. Koma koleji imene ikusaka ndalama imawerengera mwina. Mwana wa m'banja lopeza bwino akamuchotsera madola 15,000, amabwera n'kulipira 35,000 otsalawo. Mwana wa mayi wosauka amafunika kumuchotsera 45,000 kuti akwanitse. Ndalama yothandizira mwana mmodzi wosaukayo ikhoza kukopa ana atatu olipira. Makoleji ambiri amalemba makampani a akatswiri owerengera, omwe amaunika komwe mwana amakhala, sukulu imene wachokera, ngakhale ngati anabwera kudzaona kolejiyo, kuti apeze ndalama yochepetsetsa imene ingamukope. Palibe amene amakhala pansi n'kunena kuti osauka tiwakane. Masamu okha ndi amene amakankhira thandizo kwa anthu amene akanatha kulipira. Makoleji owerengeka olemera amalandira ana osayang'ana n'komwe za m'thumba mwawo, koma mwambo umenewu ndi wodula. Wesleyan University, yomwe si yosauka, inausiya mu 2012 ponena kuti sungapitirire popanda kuwononga zina. Ine sindiwaweruza msanga akuluakulu otere, chifukwa koleji yotsekedwa sithandiza wosauka aliyense. Chimene sindivomereza ndi kupitiriza kulengeza kuti khomo n'lotsegukira onse pamene m'katimo akudziwa kuti asintha kasankhidwe.

Masamu onsewa amakhala ongoyerekeza mpaka pa 1 Meyi, tsiku limene mwa mwambo wa kumeneko ana amayenera kupereka chikole chotsimikiza kuti abwera. Mwana mmodzi amafunsira malo m'makoleji ambiri nthawi imodzi, motero koleji imalandira ana ochuluka kuposa mipando yake podziwa kuti ambiri apita kwina. Ikalandira ochepa, mipando ikhala yopanda anthu. Ikalandira ochuluka ndipo onse n'kubwera, malo ogona saakwana. Ngakhale amene apereka chikole, ena amasungunuka m'miyezi ya tchuthi. Mu 2024 zinthu zinanyanya pamene fomu yatsopano ya boma yofunsira thandizo, ya FAFSA, inachedwa kutuluka ndipo inali ndi zolakwika zambiri, moti makoleji anachedwa kuuza ana ndalama zimene adzalipire.

Pamwamba pa zonsezi pakubwera kuchepa kwa ana. Mu 2007 ku America kunabadwa ana pafupifupi 4.3 miliyoni. Chuma chitagwedezeka mu 2008 mabanja anayamba kubereka mochepa, ndipo pofika 2023 chiwerengerocho chinali pafupifupi 3.6 miliyoni. Mwana amene sanabadwe mu 2009 sangalembetse ku koleji zaka 18 pambuyo pake. Katswiri wa zachuma Nathan Grawe wa ku Carleton College anachenjeza za zimenezi m'buku lake la mu 2018, ndipo anasonyeza kuti ululu wake sugwera onse mofanana. Sukulu zotchuka zipitiriza kukana ana ambirimbiri. Zovutika ndi zing'onozing'ono zodalira ana a m'dera lawo, makamaka kumpoto chakum'mawa ndi m'chigawo chapakati cha dzikolo, komwenso makoleji otere anathithikana.

Madzi akafika m'khosi, bodi ya koleji imakhala ndi njira ziwiri, kukula kapena kudzichepetsa, ndipo pafupifupi nthawi zonse imathamangira kukula. N'zomveka: palibe mtsogoleri amene amafuna kukumbukiridwa kuti ndiye anachepetsa sukulu. Amakongola ndalama n'kumanga malo ogona okongola kapena bwalo la masewero, amayambitsa matimu atsopano kuti akope anyamata okonda mpira, amatsegula maphunziro a unamwino ndi a zamalonda, amalowa pa intaneti. Ena zinawayendera. Southern New Hampshire University inali sukulu wamba pamene Paul LeBlanc anayamba kuitsogolera mu 2003, koma maphunziro a pa intaneti anaikuza mpaka kukhala ndi ophunzira opitirira 100,000. Kungoti aliyense akatsegula maphunziro ofanana m'dera lomwelo, amangogawana ana omwewo, pamene ngongole ya nyumba ija ikufuna kubwezedwa mwezi ndi mwezi. Cooper Union ya ku New York, yomwe kwa zaka zoposa 100 sinkalipiritsa fizi, inakongola madola 175 miliyoni, mbali yaikulu yomangira nyumba yatsopano, ndipo mu 2014 inayamba kulipiritsa ophunzira. Kudzichepetsa nakonso kuli ndi msampha wake. Saint Rose inadula maphunziro angapo mu 2015 ndi mu 2020, koma sukulu ikamadula, mbiri imamveka kuti zinthu sizili bwino, makolo amachita mantha, ndipo ana amacheperachepera.

Apa m'pamene pali pogona nkhani. Akuluakulu a koleji yodwala amagwira njakata yeniyeni. Akaulula kuti chuma chavuta, ana atsopano sabwera, aphunzitsi abwino amachoka, opereka ndalama amabweza dzanja, ndipo mawu awo omwewo amaipha sukulu. Akabisa, amatenga chikole cha ana amene mwina sadzawaphunzitsa mpaka kumapeto. Nkhani ziwiri zikusonyeza mbali zonse za njakatayi.

Mu Malichi 2015 bodi ya Sweet Briar College, sukulu ya atsikana okhaokha kumudzi ku Virginia, inalengeza kuti itseka ngakhale inali ndi thumba la madola pafupifupi 85 miliyoni. Anati atsikana ofuna sukulu yotere akuchepa, kuchotsera fizi kwafika poipa, ndipo ndalama zambiri za m'thumbalo eni ake anazipereka ndi malamulo oti zigwire ntchito yakutiyakuti basi. Ankafuna kutseka akadali ndi ndalama zolipirira antchito ndi kusamutsira ophunzira. Amayi amene anaphunzira pasukulupo anakana. Anapita kukhoti, anasonkha madola 12 miliyoni m'miyezi yochepa, bodi inasinthidwa, ndipo sukuluyo ikuphunzitsabe. Bodi yakaleyo inawerenga bwino mabuku a ndalama, koma inaiwala kufunsa anthu amene anali okonzeka kupisa m'thumba. Mount Ida College ya ku Massachusetts inachita zosiyana. Inabisa mpaka mu Epulo 2018, pamene inalengeza kuti itseka m'milungu yochepa n'kugulitsa malo ake ku University of Massachusetts Amherst. Ana a maphunziro osowa kwina, monga a kasamalidwe ka maliro, anasowa kolowera. Mkwiyo umene unabuka unachititsa kuti mu 2019 boma la Massachusetts likhazikitse lamulo loti chuma cha makoleji omwe si aboma chiziunikidwa chaka chilichonse, ndipo koleji imene ili pangozi izikonzeratu dongosolo la komwe ophunzira ake angakamalizire.

Pakati pa nkhani ziwirizi pali njira imene ine ndimaiona yaulemu: kufunafuna mnzako ukadali ndi mphamvu. Wheelock College inalowa mu Boston University mu 2018, ndipo Mills College ya ku California inalowa mu Northeastern University mu 2022. Dzina limazimirira, anthu amalira, ntchito zina zimatha, koma ophunzira amamaliza. Ndipo kumalizako si nkhani yaing'ono. Kafukufuku wa mu 2022 wa mabungwe a SHEEO ndi National Student Clearinghouse anapeza kuti mwa ophunzira amene sukulu zawo zinatsekedwa, osakwana theka ndi amene anakalembetsanso kwina. Ambiri mwa iwo anali a sukulu zamalonda, komabe phunziro lake n'lomveka, ndipo amene anatsekeredwa mwadzidzidzi ndi amene zinawaipira kwambiri. Amatsala ndi ngongole, opanda pepala.

Kwathu kuno ku Malawi masamu a ana ndi otembenuka. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali osakwana zaka 18. Chaka chilichonse ana ambiri okhoza bwino mayeso a MSCE amatsala osasankhidwa kupita ku mayunivesite aboma. Mpata umenewo ndi umene mipingo ndi anthu ena analowapo: Sinodi ya Livingstonia inatsegula University of Livingstonia mu 2003, maepiskopi a Katolika anatsegula yunivesite yawo ku Nguludi mu 2006, a Adventist, a Nkhoma, a Assemblies of God ndi ena nawonso ali ndi zawo. Ofuna kuphunzira sakusowa. Chosowa ndi ndalama m'manja mwawo. Komabe mtima wa vutoli ndi womwe uja, mwinanso wolimba kuposa wa ku America, chifukwa kuno matumba a chuma chosungidwa ndi osowa, ndipo mpingo umene unabereka sukulu nawonso umadalira chopereka cha Akhristu osauka.

Taganizirani za woyang'anira chuma pa yunivesite yotere pamene kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 iliyonse mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023. Makompyuta, zipangizo za mu labotale, mabuku, mafuta a jenereta, zonse zogulidwa ndi ndalama zakunja zinakwera nthawi imodzi, aphunzitsi akufuna malipiro okwera, koma kholo lolipira fizi ndi mphunzitsi wa pulayimale kapena mlimi wodikira kugulitsa soya. Akakweza fizi, ana amasiyira panjira. Akapanda kukweza, sukulu imalephera kulipira antchito. Choncho yesero la kuno si kuchotsera mtengo, koma kuthithika: kulemba ana ambiri kuposa amene makalasi, laibulale ndi aphunzitsi angakwanitse, kudalira aphunzitsi aganyu othamanga kuchoka pasukulu ina kupita pa ina, ndi kukonda maphunziro ongofuna bolodi ndi choko m'malo mwa a sayansi ofuna zipangizo zodula. Maphunziro a madzulo ndi a kumapeto kwa sabata m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu athandiza anthu apantchito ambiri, ndipo sindikuwanyoza, koma n'zosachita kubisa kuti amakondedwanso chifukwa munthu wa pa malipiro salephera fizi kawirikawiri. Palinso chosankha chowawa chimene chimabwera nyengo ya mayeso iliyonse: kodi mwana amene sanamalize fizi alowe m'chipinda cha mayeso kapena abwezedwe pakhomo? Akamulola, ena amene akanatha kulipira amazengereza. Akamubweza, chaka chonse cha mwanayo chapita, ndiponso sukulu yataya fizi yake ya zaka zotsalazo.

Mabungwe awiri aboma ali ndi mphamvu yaikulu pa masamu amenewa. Bungwe la NCHE, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndi limene limalembetsa ndi kuvomereza sukulu ndi maphunziro ake. Bungwe la HESLGB, la lamulo la mu 2015, limapereka ngongole kwa ophunzira osowa, kuphatikizapo a m'mayunivesite ovomerezeka omwe si aboma. Chivomerezo tsono chili ndi mtengo wake wa ndalama: sukulu ikachitaya, ana amathawa, ndipo a pepala lake amavutika kupeza ntchito. N'chifukwa chake makolo ayenera kufunsa osati ngati sukulu ndi yovomerezeka kokha, koma ngati maphunziro enieniwo amene mwana akukachita ndi ovomerezeka, pakuti ziwirizi zimasiyana.

Chimene ndingafune kuti titengepo pa zimene zinachitika ku Massachusetts ndi kuunika chuma nthawi isanathe. Oyendera sukulu amawerenga aphunzitsi, mabuku ndi zimbudzi, ndipo n'koyenera kutero. Koma sukulu imene ikuchedwetsa malipiro a antchito miyezi ingapo ndi yoopsa kwa wophunzira wa chaka choyamba mofanana ndi yopanda laibulale. Yunivesite iliyonse yotenga fizi ya anthu iziika poyera mabuku ake a ndalama ounikidwa ndi akatswiri apadera, izinena kuti mwa ana amene analowa zaka zinayi zapitazo ndi angati amaliza, ndipo ikhale ndi mgwirizano wolembedwa ndi sukulu ina yovomerezeka yomwe ingalandire ophunzira ake zinthu zitavuta. Zotsatira za mayeso a wophunzira aliyense zizisungidwanso pamalo ena kunja kwa sukuluyo, kuti geti likadzakhomedwa loko, mwana wa chaka chachitatu asadzayambirenso chaka choyamba.